Mphaka wa Atate pa Basi ya ku Lusaka

Amene anayamba kudziwa kuti Gavanala wadwala ndi nyerere. Gavanala anali mphaka wa kwathu ku Kapata, mu Chipata, ndipo dzinalo anamupatsa ndi malemu amayi anga chifukwa ankadya bwino, kugona pampando wofewa, koma ntchito yake osaoneka. Boma la chipani chimodzi litatha, agavanala enieni anachoka m'maofesi, wathu yekha ndiye anatsala pampando.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale, ndipo pakhomo tinali awiri, ine ndi atate, a Phiri, amene anali atapuma ntchito ya ukalaliki. Mphakayo anayamba kumwa madzi modabwitsa. Ukamuthirira m'mbale wamaliza, wapita kukanyambita pansi pa mpopi, wabwera kudzalira pa ndowa. Kudya ankadya ngati wachokera kumunda, koma msana unkangotuluka mafupa. Ine ndinkati ndi ukalamba. M'mawa wina atate anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Misozi, tabwera udzaone kuno."

Pamchenga pamene mphaka anakodza panali nyerere zakuda bii, zitaunjikana ngati pagwa chiswiti.

"Amako zinayamba chonchi," anatero atate, n'kulowa m'nyumba.

Amayi anamwalira ndi matenda a shuga zaka zitatu m'mbuyomo. Pa maliro awo, mkulu wanga Esinati, amene anakwatiwa ku Lusaka, ananena pamaso pa anthu kuti atate akanamvera n'kubwera ndi amayi ku chipatala chachikulu pamene iye ankawapempha, amayi sakanamwalira. Kungochokera tsikulo atate sanamulemberenso kalata, iyenso osalemba, ndipo uthenga wawo wonse unkadutsa mwa ine: "Uwauze atate," "Umuuze m'bale wakoyo."

Tinapita naye mphakayo kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu. Anamuyang'ana m'kamwa, kumufinya pamimba, kenako n'kupukusa mutu.

"Bambo, ine ndimadziwa ng'ombe ndi nkhumba. Mphaka wa shuga ndinangomuwerenga m'buku. Oyeza magazi a tinyama totere ali ku Lusaka."

Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Munthu wanzeru angatenge mphaka kuchoka ku Chipata mpaka ku Lusaka? Koma tili m'njira yobwerera, atate anati, "Sukulu mwatsekera, eti? Tinyamuka Lolemba. Umuimbire m'bale wakoyo kuntchito kwake, umuuze kuti ndikubwera ndi wodwala. Usawonjezepo."

Sindinawonjezepo. Mpaka lero Esinati amati mlandu umenewo ndi wanga.

Basi za boma zinali zitangofa kumene, ndipo aliyense wokhala ndi kangachepe anali atagula yake n'kuilemba mawu a m'Baibulo kumbuyo. Tinafika pa siteshoni mbandakucha, atate ali mu suti yawo ya kutchalitchi, atanyamula dengu la nsungwi la chivundikiro lomangidwa ndi mphira, ine nditanyamula chikwama ndi chigubu cha madzi. Tinasankha basi imene inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza. Injini inkalira, dalaivala akuyendetsa pang'ono kutsogolo, kubwereranso, hutala ili pi-pi-pi. Titangogula matikiti n'kukhala, anthu amene anadzaza mipando anayamba kutsika mmodzimmodzi, wina ngati akukagula fodya, wina ngati akukataya madzi. Sanali apaulendo. Ntchito yawo inali yokhala m'basi kuti izioneka yodzaza. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, nthawi ya 9 itadutsa.

Gavanala anakhala chete mpaka pa Mtenguleni. Pamenepo basi inagwa mu dzenje, dengu linadumpha pamiyendo ya atate, ndipo munatuluka kulira kwautali, kodandaula, ngati kwa khanda. Basi yonse inatembenuka.

Kondakitala, bambo wamfupi wa ku Lusaka wokhala ndi cholembera kuseri kwa khutu, anadutsa pamwamba pa matumba a mtedza n'kudzaima pafupi nafe.

"Ba tata, muli chani mu basiketi umu?"

"Mphaka."

"Pusi? Awe, ba tata, iyi basi ni ya bantu."

"Nanga nkhuku zili pansi pa mpando apozi ndi anthu?"

Kondakitala anayang'ana nkhukuzo, n'kukanda m'mutu. Pomwepo bambo wina wa tayi amene anakhala kutsidya kwa kanjira, atagwira Baibulo la zipi, anakonza pakhosi. Tinamva pambuyo pake kuti anali mkulu wa mpingo wa ku Katete, a Banda.

"Ine sindikunena munthu," anatero a Banda mokweza, akuyang'ana kudenga. "Koma tonse tikudziwa anthu amene amayenda ndi amphaka."

"Akulu," anayankha atate, "ndikanakhala mfiti bwenzi nditakwera lichero. Pano ndikanakhala nditafika kale, ndikumwa tiyi kwa mwana wanga ku Kabwata, osati kudikira maola anayi pa siteshoni."

Anthu anaseka mpaka dalaivala anayang'ana pagalasi. Mayi wina wonenepa wa kumbuyo kwathu anandigwira paphewa. Anali Mbemba wogulitsa mtedza, wokhala ku Chelstone mu Lusaka, ndipo anati tizimuitana Bana Chanda.

"Shani, ba sisi," anandilonjera mwa kwawo. "Manje pusi muipeleka kuti?"

"Ku chipatala," anayankha atate ndisanatsegule pakamwa. "Akudwala shuga."

Apa ndiye basi inatsala pang'ono kugubuduka ndi chiseko. Wina kumbuyo anakuwa kuti amphaka ayamba matenda a mabwana. Wina anati ndi matipate amenewa, aliyense ali ndi ufulu wodwala chimene akufuna. Atamva dzina la mphakayo, kondakitala anavula chipewa n'kulonjera dengu, akuti sanadziwe kuti wanyamula akuluakulu. Atate anangokhala njo, manja ali padengu. Ine ndinkafuna mpando unditsegukire ndilowemo.

Msewu masiku amenewo unali wa maenje okhaokha, ndipo dalaivala ankayenda mokhotakhota ngati akusoka. Pa Katete tinaima, pa Sinda tinaima, pa mphambano ya Petauke tinaima, ndipo paliponse atate ankatsika ndi dengu, kumangirira mphaka kachingwe m'khosi, kumuthirira madzi m'kambale, n'kudikira kuti akodze. Mphaka sakodza chifukwa choti basi ikudikira. Ankanunkhiza udzu, kuyang'ana kumwamba, kukhala pansi n'kumanyambita phazi.

"Ba tata, tiyeni! Uzani ba Gavanala ati miting'i yasila!" ankakuwa kondakitala pakhomo.

Pa Nyimba aliyense anagula nthochi, ndipo m'basi munadzaza fungo la makoko ndi dizilo. Titadutsa pamenepo kunayamba kutentha. Tisanafike pa Kacholola, tikukwera chitunda, pansi pa mpando wa dalaivala panatuluka nthunzi yoyera, basi inatsokomola kawiri, n'kuima. Amuna anathamangira kukaika miyala kumatayala. Payipi ya madzi a injini inali itang'ambika.

Anaimanga ndi mphira, ndipo mphirawo unali wa padengu lathu, atate anachita kupereka okha. Koma kenako kondakitala anayamba kuyenda ndi ndowa, kusonkhanitsa madzi akumwa a aliyense kuti athire mu injini. Anthu ankakhuthula mabotolo awo akudandaula. Atafika pa ife, anapeza atate atakhalira chigubu.

"Ba tata, manzi."

"Awa ndi a wodwala."

"Bantu bonse aba bagone mu sanga chifukwa cha pusi?"

Anthu amene ankaseka m'mawa uja sanasekenso. Mayi wina wa mwana kumsana ananena mawu amene sindingawalembe. Ine ndinanong'oneza atate kuti apereke, koma anangondiyang'ana. Kenako anaimirira, kuthira madzi m'kambale ka mphaka mpaka kudzaza, kudzazanso botolo limodzi laling'ono n'kuliika m'thumba la jekete, chotsalacho n'kupereka.

Sizinathandize. Madzi onsewo anatulukira pansi tikuona, payipi itang'ambikanso pena. Dalaivala anakwera lole yobwerera ku Nyimba kukafuna ina, ife n'kutsala m'mphepete mwa msewu, pansi pa mitengo yopanda masamba, ntchentche zikutizungulira.

Tinakhala pamenepo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Gavanala anasiya kulira. Anagona cham'mbali m'dengu, pakamwa pali yasa, akupuma mofulumira. Atate ankanyika chala m'botolo n'kumamudonthezera pa lilime. Ndinawaona akuvula jekete, chinthu chimene sankachita pagulu, n'kulitchinga pamwamba pa dengu. Bana Chanda anabwera ndi chitenje chake, kuchinyowetsa ndi timadzi timene anabisa yekha m'chikwama, n'kuchifunditsa dengulo.

"Musauze kondakitala," anatero.

Patapita nthawi a Banda, mkulu wa mpingo uja, anabwera pang'onopang'ono n'kukhala pamwala pafupi ndi atate. Anayang'ana mphakayo kwa nthawi yaitali.

"Akumwa madzi kwambiri?"

"Kwambiri."

"Kukodza pafupipafupi? Kuonda?"

"Zonsezo."

A Banda anatsegula zipi ya Baibulo lawo. M'kati mwa chikutiro munali kapepala kapulasitiki ka mapilisi oyera.

"Inenso ndi omwewo," anatero motsitsa mawu. "Zaka zisanu tsopano. Mpingo sudziwa. Tengani limodzi, mum'patse. Ine amandithandiza."

Atate anatambasula dzanja. Ine ndinaligwira. Ndinati a Banda ndi munthu wa thupi lawo, mphakayu sakulemera ngakhale ngati nkhuku ziwiri, ndipo sitinayezetse kuti tidziwe ngati alidi matenda omwewo. Tayenda mtunda wonsewu kuti tikamve kwa dokotala, ndiye tim'phere pa Kacholola? Atate anabweza dzanja mosafuna. A Banda sanakhumudwe. Anatseka zipi, n'kunena kuti ndiye apemphere, ndipo anapempherera "cholengedwa ichi" osatchula kuti mphaka.

Dalaivala anabwera ndi payipi ya galimoto ina, yaikulu, imene anachita kuidula ndi mpeni. Azimayi a m'basimo anapeza kamtsinje kumunsi n'kutunga madzi. Tinawoloka mlatho wa Luangwa kukuda, galimoto imodzi imodzi monga mwa lamulo la pamenepo, ndipo dalaivala anati mapiri a kutsogolo sakwera ndi payipi yobwereka mpaka kutacha. Tinagona m'basi momwemo pamsika wa nsomba wa pafupi ndi mlathowo.

M'mawa ndinadzidzimuka ndi mawu a atate.

"Misozi! Wathawa!"

Dengu linalibe mphira, ndipo chivundikiro chinali pansi. Kunja kunkazizira bwino, ndipo zikuoneka kuti wodwala wathu anapezako mphamvu. Basi yonse inatsika. Anthu omwe aja amene dzulo lake ankafuna kutidya amoyo anabalalika pakati pa mabenchi a nsomba zouma ndi madengu ogulitsa, akuitana, "Gavanala! Gavanala!" Ogulitsa ena anayamba kukonza mabenchi awo msangamsanga, kuganiza kuti kwabwera munthu wa boma.

Amene anam'peza ndi a Banda. Anali pansi pa benchi la mayi wina, atakumbatira nsomba youma yotalika kuposa iye mwini, mutu wake atautafuna kale. Mkulu wa mpingo anagwada ndi buluku lake lositidwa, kulowa pansi pa benchi, n'kutuluka atanyamula mphaka pachifuwa, nsomba ikulendewera. Atate anagula nsombayo, poti inali italumidwa, ndipo kondakitala anamasula chingwe cha nsapato yake kuti timangire dengu.

Mapiri a Manenekera tinakwera ngati nkhono. Rufunsa, Chongwe, kenako nyumba zinayamba kuchuluka. Bana Chanda anatsika pa thanki yaikulu ya madzi ya ku Chelstone. Matumba ake akutsitsidwa, anabwera pawindo lathu. Anati kale ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Kabulonga, ndipo agalu awo ankapita nawo kwa dokotala wina ku Woodlands. Anandilongosolera njira kawiri.

"Ba tata, mukamupeleke mailo. Musachedwe." Mailo kwa iwo ndi mawa.

Esinati ankakhala ku Kabwata, m'nyumba zosanja zija, pamwamba. Tinafika masana. Anatsegula chitseko asanatipatse n'komwe mpata wogogoda. Anali atadikira kuyambira dzulo lake, osapita kuntchito. Pabalaza panali matiresi obwereka atayalidwa kale ndi nsalu zoyera, ndipo anali atapempha mnansi wa galimoto kuti akhale tcheru. Anayang'ana atate kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako ine, kenako masitepe kumbuyo kwathu.

"Wodwala ali kuti?"

Atate anaika dengu pansi n'kumasula chingwe cha nsapato chija. Gavanala anatulutsa mutu, kuyang'ana uku ndi uku, n'kupita kukakhala pakati penipeni pa matiresi.

Ana aakazi awiri a Esinati anakuwa ndi chimwemwe. Mayi wawo sanaseke. Anamudziwa mphakayo, poti amayi anamutola ali kamwana iye asanakwatiwe.

"Akudwala chiyani?"

"Tikuganiza kuti shuga," ndinayankha ine.

Esinati atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Amayi simunabwere nawo, atate. Koma mphaka mwabwera naye."

Ndinkayembekeza kuti atate anyamula dengu n'kutsika masitepe. Anavula chipewa, kuchigwira ndi manja awiri.

"Nthawi ija ndinachedwa, mwanawe. Ndinkati achira, ndinkati ulendo uwatopetsa. Ndinachedwa. Uyu nditaona nyerere, sindinathe kukhala."

Esinati analowa kukhitchini n'kutseka chitseko. Tinamva mapoto akugundana kwa nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti aphike tiyi. Mwamuna wake, a Mwansa, Mbemba wofatsa amene ankagwira ntchito pa famu ya nkhuku ku Makeni, anagwada patali pafupi ndi khomo n'kupereka moni kwa apongozi ake, maso ali pansi, ngati palibe chimene wamva.

M'mawa mwake Esinati anati atiperekeza, "kuti musasochere basi." Tinakwera minibasi. Ku Woodlands kunali mipanda yaitali ya njerwa ndi mageti achitsulo, ndipo m'chipinda chodikirira cha dokotala munali agalu aakulu ngati ana a ng'ombe, eni ake atanyamula makiyi a galimoto. Ife ndi dengu lathu la nsungwi tinakhala pakona.

Dokotala anali mtsikana wamng'ono kwa ine, ndipo sanaseke ngakhale pang'ono. Anamuyeza kulemera, kum'tenga magazi pamwendo, kuyezanso mkodzo. Atabwera anati ndi shuga ndithu, koma tafika mphakayo akudyabe, zinthu zisanaipe kwenikweni.

"Amadya chani kunyumba?"

Atate anayang'ana pansi. "Zimene ndadya ine. Komanso m'mawa timamwa tiyi."

"Pusi imamwa tiyi?"

"Buledi wonyika mu tiyi. Wa shuga masupuni atatu. Anazolowera ndi mayi awo a ana awa."

Esinati anatulutsa kaphokoso m'mphuno, n'kubisa pakamwa ndi dzanja. "Ankam'patsira m'sosala ya maluwa ija," anatero, osayang'ana aliyense.

"Yomweyo," anatero atate.

Dokotala anati tiyi ndi buledi zithe tsiku lomwelo, mphaka azidya nyama ndi nsomba, kawiri patsiku, pa nthawi yake. Anati mankhwala odalirika kwambiri ndi jakisoni, m'mawa ndi madzulo, koma botolo lake limafuna kukhala mu filiji. Ife filiji tinalibe, ndipo manja a atate ankanjenjemera moti ngakhale ulusi sankatha kulowetsa mu singano. Dokotala anaganiza pang'ono, kenako anati pali mapilisi ena a anthu a shuga amene madokotala a ziweto ayamba kuyesa pa amphaka. Amakakamiza thupi kutulutsa mankhwala ake achilengedwe otsitsa shuga, choncho amagwira ntchito pokhapokha ngati thupilo likadali ndi kamphamvu kotero. Amphaka ena amawathandiza, ambiri ayi. Anati tiziyang'anira kusanza ndi maso achikasu, ndipo akayamba kudzandira ngati woledzera, ndiye kuti shuga watsika kwambiri, tim'pake uchi m'nkhama n'kuthamanga naye. Pakatha milungu iwiri abwere adzayezedwenso.

Ndinamufotokozera za mapilisi a a Banda pa Kacholola. Anatukula nsidze.

"Mukanamupasa, pusi yofooka so, na njala, pa zuba, mwina simukanafika nayo kuno. Ya mutundu uyo siyamene nilemba ine, na muyeso wake ni wina."

Atate anandiyang'ana cham'mbali, n'kukonza tayi.

Mapilisiwo tinakagula m'tauni, mu sitolo ya mankhwala ya pa Cairo Road, titadutsa pakati pa ogulitsa salaula, zovala za kaunjika, amene anali atadzaza m'makhonde monse. Munali mzere wautali. Wogulitsa anatenga kapepala kathu n'kulowa nako m'kati, ndipo patapita nthawi anatuluka n'kuitana mokweza:

"Gavanala Phiri!"

Anthu onse anatembenuka. Atate anaimirira mu suti yawo yafumbi n'kuyenda mwaulemu kupita kutsogolo, anthu akuwapatsa njira. Bambo wina anawavulira chipewa. Esinati anatuluka panja, ndipo ndinakam'peza atatsamira chipilala, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

Tinkaganiza kuti chovuta chatha. Sitinadziwe kuti kugula pilisi ndi kwina, kulimwetsa mphaka ndi kwinanso. Dokotala anationetsa kamodzi, ndipo m'manja mwake zinkaoneka ngati kuponya kalata m'bokosi. Madzulo amenewo ku Kabwata tinayamba ndi nzeru: tinabisa kachidutswa ka pilisi m'kati mwa tinsomba ta kapenta. Gavanala anadya kapenta yense, kunyambita mbale, kapilisi n'kukasiya pakati poyera, koyera bwino ngati wakatsuka. Tinakakulunga mu nyama yogaya. Anameza, tonse tinawomba m'manja, ndipo patapita kanthawi mwana wamng'ono wa Esinati anakapeza pansi pa mpando. Atate anayesa kum'tsegula pakamwa ndi mphamvu, ndipo anatuluka ndi mizere itatu yamagazi padzanja, mphaka ali pamwamba pa kabati akutiyang'ana.

Nthawi yonseyi a Mwansa anali ataima pakhomo la kuchipinda. Mkamwini sayandikira apongozi ake, ndipo pa zaka zonse za ukwati wawo anthu awiriwa anali asanakhalepo pa mpando umodzi. Anakonza pakhosi n'kuyankhula kwa mkazi wake, ngakhale atate anali pomwepo.

"Bauze ba tata ati ku nchito nimamwesa nkuku mankwala. Ningayeseko."

"Muuze kuti mphaka si nkhuku," anatero atate kwa Esinati.

"Bauze ati nkuku nayo ilibe ulemu."

Esinati anaponya thaulo pakati pawo. "Ine si wailesi. Muuzane nokha."

Panalibe njira ina. Atate anakhala pa sofa n'kukulunga mphaka mu thaulo mpaka kutsala mutu wokha, monga anawauzira a Mwansa. A Mwansa anagwada patsogolo pawo, mawondo awo akugunda mapazi a apongozi. Anagwira mutu wa mphaka cha kumwamba, kuupendeketsa kuti mphuno iloze kudenga, chala chimodzi n'kutsitsa chibwano. Kapilisi anakaponya kumbuyo kwenikweni kwa lilime, kutseka pakamwa, n'kumasisita pakhosi pang'onopang'ono, akung'ung'udza kanyimbo ka Chibemba. Mitu ya amuna awiriwo inatsala pang'ono kugundana. Aliyense ankayang'ana mphaka yekha, mwamphamvu, kuti asayang'ane mnzake.

Gavanala anatulutsa lilime n'kunyambita mphuno.

"Yamela," anatero a Mwansa, kutanthauza kuti wameza. "Ikanyambita mpuno ninshi yamela."

Anam'donthezera timadzi ndi supuni, n'kum'masula. Tinasaka pansi pa mipando yonse, osapeza kanthu.

"Mwachita bwino, bambo," anatero atate. Kanali koyamba kuwamva akuyankhula ndi mkamwini wawo popanda wodutsamo.

Kuyambira pamenepo inali ntchito ya awiriwo, m'mawa a Mwansa asanapite ku Makeni, ndi madzulo akangofika. Esinati ankawiritsa nsomba ndi zotsala za nkhuku, akudandaula kuti m'nyumba mwake mphaka akudya bwino kuposa ana, koma nthawi ikakwana ndi iyeyo amene ankakuwa kuti, "Atate, pilisi!" Tsiku lachitatu Gavanala anasanza, ndipo atate anavala jekete kuti athamange ku Woodlands. Esinati anakaimba foni kwa mnansi, dokotala anati tizim'mwetsa atadya kaye, ndipo zinatha.

Ine sukulu inkatsegulidwa, choncho ndinabwerera ndekha sabata lisanathe. Atate anatsala kudikira tsiku loyezanso magazi. Esinati ndiye anandilembera kuti shuga watsikako, mphaka wasiya kulira pa ndowa, ndipo dokotala wati Gavanala ali m'gulu la amwayi aja. Milungu iwiri ija inasanduka isanu, poti atate anati ayenera kuphunzira bwinobwino kumwetsa pilisi, ndipo ine pofika nawo kunyumba anandiphunzitsa ngati nzeruyo anabadwa nayo.

Mapilisiwo anam'sunga Gavanala chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Kenako ludzu linayambiranso, ndipo dokotala anati tsopano palibe kuchitira mwina koma jakisoni. Filiji inali ku Kabwata, manja osanjenjemera analinso ku Kabwata. Atate anam'perekeza okha, n'kubwerera opanda iye. Masiku oyamba ankadzuka m'mawa n'kumaima pakhomo la khitchini osadziwa chochita.

Mwezi usanathe ndinawapeza akusita suti. Anansi akawafunsa ankayankha kuti akupita ku Lusaka kukaona wodwala, ndipo zinakhala choncho mwezi ndi mwezi, pa msewu womwe uja wa maenje, mpaka miyendo yawo inakana. Sananenepo n'kamodzi komwe kuti akukaona mwana wawo. Ulendo wina ndikuwathandiza kulongedza ndinapeza m'chikwama muli mtedza, ufa wa mpunga, chitenje chatsopano, ndi tinsapato tiwiri ta kusukulu ta atsikana.

"Atate, wodwala wanuyu wayamba kuvala nsapato?"

Anandilanda chikwamacho n'kutseka zipi.

"Ali ndi omudwazika," anatero. "Tandipatsa chipewa changa, basi indisiya."